Makina osefa madzi a reverse osmosis: ndigule kapena ndiyambe ndadikira?

Amayi a Chisomo (Chalala):
Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira Lachitatu, ndipo ndikupempha inu odziwa za madzi kuti mundiunikire ndisanataye ndalama. Kunyumba kwathu timamwa madzi a m'borehole imene tinakumbitsa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Madziwo ndi oyera, alibe fungo, ndipo sanatitsegulepo m'mimba, kungoti pansi pa ketulo pamamatira zoyera zolimba ngati phulusa louma, moti mwezi uliwonse ndimaiviika mu viniga. Tsono Lachitatu kunabwera mnyamata wogulitsa makina osefa madzi otchedwa reverse osmosis. Anatunga madzi a pa pompi yathu m'tambula imodzi, m'tambula ina anathiramo madzi amene anabwera nawo m'botolo, kenako anaviikamo kachipangizo ka tizitsulo tinayi n'kukalumikiza ku magetsi. Pasanathe mphindi ziwiri madzi athu anatuwa, kenako anada bii mobiriwirako, pamwamba pakuyandama thovu longa la m'ngalande nthawi ya dzinja, pamene madzi akewo anangosintha pang'ono chabe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, izi ndi zimene mukumwetsa ana anu." Chikundiopsa n'chakuti pakhomo pali mdzukulu wanga wa miyezi itatu, ndipo mayi wake akubwerera ku ntchito mwezi wa mawa, kotero tsiku lina tidzayamba kumusungunulira mkaka wa m'chitini ndi madzi omwewa. Kodi makinawa ndigule? Nanga alipo ang'onoang'ono oti ndizinyamula popita kumudzi ku Katete?

Aphunzitsi Mbewe (Chelstone):
Amayi a Chisomo, mtima ukhale m'malo, chifukwa zonyansa munaona m'tambula zija sizinachokere m'madzi anu. Ndinaphunzitsa chemistry zaka zambiri ndisanapume, ndipo chionetsero chimenecho ndinkachita ndi ana a Grade 11. Pa tizitsulo tinayi tija, tiwiri ndi tachitsulo wamba ndipo tiwiri ndi ta aluminiyamu. Madzi okhala ndi michere yosungunuka amalola magetsi kudutsa, ndipo magetsi akamadutsa chitsulocho chimadyeka n'kutulutsa dzimbiri limene limadetsa madzi. Madzi a mnyamatayo anali atachotsedwa michere, choncho magetsi sanathe kudutsamo bwino ndipo chitsulo sichinadyeke. Mukanatsina kamchere ka kukhitchini n'kuwaza m'tambula yakeyo, madzi akewo akanada kuposa anu. Chimene anakuonetsani ndi chakuti madzi anu ali ndi michere, zomwe ketulo yanu inakuuzani kale kwaulere. Sanakuonetseni ngati madziwo ndi abwino kumwa kapena ayi.

Komabe musathamangire kunena kuti makinawo ndi achinyengo, pakuti makinawo ndi enieni ndipo amagwira ntchito. Mukawaza mchere pa tomato wodula kapena pa nsomba yaiwisi, mumaona madzi akutuluka okha, chifukwa madzi amadutsa pa kakhungu kopyapyala kuchoka kumene kuli mchere wochepa kupita kumene kuli wambiri. Kumeneko ndiko kumatchedwa osmosis, ndipo Mfalansa wina, Jean-Antoine Nollet, anakufotokoza mu 1748 atayesa ndi chikhodzodzo cha nkhumba. Reverse osmosis ndi kubweza ulendo umenewu mokakamiza: mumakankha madzi a michere ndi mphamvu pa kansalu kopyapyala kokulungidwa ngati mphasa, kotchedwa membrane, ndipo madzi okha ndi amene amadutsa, michere n'kutsalira. Timipata ta kansaluko timayerekezedwa pa 0.0001 micron, pamene bakiteriya mmodzi amakhala pafupifupi micron imodzi (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000). Kansalu koyamba kothandizadi anakapanga Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan pa yunivesite ya UCLA cha m'ma 1960, ndipo mu 1965 tauni ya Coalinga ku California inayamba kumwa madzi osefedwa mwa njira imeneyi. Cholinga chake kuyambira pachiyambi chinali kuchotsa zosungunuka m'madzi. Ndiye funso loyamba si lakuti mugule kapena ayi, koma lakuti m'madzi anu mwasungunuka chiyani.

aNabanda (Matero):
Aphunzitsi, zikomo potivumbulira za tizitsulo, chifukwa mnyamata wonga ameneyo anafikanso kwa mchemwali wanga ndipo anagula tsiku lomwelo. Ine chimene ndinaona kumeneko ndi chimene ogulitsa sanena. Pansi pa sinki pali kapaipi kakang'ono kamene kamalowa m'paipi yotaya madzi, ndipo makina akamagwira ntchito mumamva madzi akutsika tsiku lonse ngati mvula ya mswera. Kuno ku Matero timadzuka usiku kudikira madzi pa pompi, ndiye kumva madzi oyera akupita m'ngalande kunandipweteka mtima. Kodi makinawo anali owonongeka, kapena onse amatero?

Abambo Zulu (pulambala, Kaunda Square):
ANabanda, makinawo sanawonongeke ayi, onse amatero. Michere imene yatsekerezedwa iyenera kukokoloka, apo ayi membrane imatsekeka m'masabata ochepa. Makina wamba a pansi pa sinki amataya malita atatu kapena anayi pa lita imodzi ya madzi akumwa, ndipo atsopano okhala ndi pampu yabwino amatha kutaya lita imodzi kapena awiri okha. Tiwerengere pa banja limene limafuna malita 20 patsiku akumwa ndi kuphikira: pa makina wamba, malita 60 mpaka 80 amapita kumbali tsiku lililonse, kutanthauza malita 1,800 mpaka 2,400 pamwezi. Ine ndikamaika makinawa ndimapempha eni nyumba kuti kapaipiko tikatulutse panja kalowe m'dramu, popeza madziwo si akuda, angochuluka michere. Ndi abwino kukolopera, kutsukira galimoto ndi kuthira m'chimbudzi. Pa mbande za ndiwo ndimaletsa, chifukwa michere imaunjikana m'dothi.

Amayi a Chisomo, ndili ndi funso limene wogulitsa uja ayenera kuti sanakufunseni. Kodi madzi amafika bwanji pa pompi ya kukhitchini? Ngati amangotsika okha kuchokera m'thanki ya pamwamba, dziwani kuti mamita 10 a kutalika amapereka presha ya bar imodzi yokha, ndipo nsanja zambiri za matanki kuno ku Lusaka sizifika n'komwe mamita 10. Membrane imafuna pafupifupi bar zitatu kuti isefe bwino. Popanda pampu yowonjezera presha, madzi amangodontha, otayika amachuluka, ndipo ngakhale osefedwawo satuluka oyera mokwanira. Pampuyo imafuna magetsi. Amene tinali muno mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi akuzima pafupifupi tsiku lathunthu, tikudziwa tanthauzo lake. Ndinaona nyumba zina zokhala ndi makina okwera mtengo zikugula madzi a m'zigubu ngati wina aliyense.

Amayi a Chisomo (Chalala):
Abambo Zulu, thanki yathu ili pa nsanja ya mamita asanu ndi limodzi ndipo madzi amatsika okha. Mnyamata uja sanayang'ane n'komwe kumwamba. Anangoviika kachipangizo kena konga cholembera m'madzi, kanalemba 480, ndipo ananena kuti madzi abwino sayenera kupitirira 50.

Aphunzitsi Mbewe (Chelstone):
Kachipangizo kameneko ndi TDS meter, ndipo kamayeza kuchuluka kwa zonse zosungunuka pamodzi, osasiyanitsa zabwino ndi zoipa. Malire a 50 amenewo anawatenga m'thumba mwake. Bungwe la World Health Organization limanena kuti madzi osapitirira mamiligalamu 600 pa lita amakoma bwino, ndipo kukoma kumayamba kuipa kwenikweni akapitirira 1,000. Mzinda wathu unamangidwa pa miyala ya laimu ndi dolomite, n'chifukwa chake ku Chilanga kuli fakitale ya simenti ndipo amayi ambiri amaphwanya miyala m'mbali mwa misewu. Madzi akamadutsa m'miyala imeneyi amatenga calcium ndi magnesium, ndipo gawo lalikulu la 480 wanuyo liyenera kukhala zimenezi. Zimavutitsa ketulo, giza ndi sopo, koma sizidwalitsa munthu.

Koma miyala yomweyi ili ndi vuto lina limene ndimafuna kuti aliyense wokhala ndi borehole alimvetse. Miyala ya laimu imadyeka ndi madzi n'kupanga ming'alu ndi mapanga pansi pa nthaka, ndipo m'madera ambiri a Lusaka dothi la pamwamba ndi lochepa. Kwina madzi a pamwamba amatenga nthawi yaitali akusefeka mu mchenga asanafike pansi, koma kuno amatha kutsika msanga m'ming'alu osasefeka. Tsono taganizani za dera ngati lanu, kumene pafupifupi puloti iliyonse ili ndi borehole yake komanso septic tank yake, zina motalikirana mamita ochepa, mpanda wa njerwa wokha uli pakati. Mpandawo suthera pansi. Chimene chimadutsa kwambiri ndi nitrate, mchere wochokera ku zonyansa za m'zimbudzi, amene alibe mtundu, fungo kapena kukoma, ndipo TDS meter singakuuzeni za iye. Ameneyo ndiye ndingamuope chifukwa cha mdzukulu wanu, osati dzimbiri la m'tambula.

Anamwino Sakala (Kanyama):
Ndikugwirizana ndi Aphunzitsi, ndipo ndiwonjezerepo za mwanayo. Malire a nitrate m'madzi akumwa ndi mamiligalamu 50 pa lita, ndipo anaikidwa makamaka pofuna kuteteza makanda omwa mkaka wosungunula. M'thupi la khanda nitrate amasanduka nitrite, amene amalepheretsa magazi kunyamula mpweya wabwino, ndipo mwanayo amatha kuoneka wotuwa mobiriwira pa milomo ndi m'zala. Chimene amayi ambiri sadziwa n'chakuti kuwiritsa madzi sikuchotsa nitrate. Kumapha tizilombo, inde, koma madzi akamaphwa ndi nthunzi nitrate amatsalira ndipo amachulukirako. Klorini samuchotsa, ndipo masefa wamba a makala kapena a dothi samuchotsanso. Apa ndi pamene reverse osmosis ili ndi ntchito yeniyeni. Ndikupemphaninso kuti mulimbikitse mayi wa mwanayo kuyamwitsa mwakathithi mpaka miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale pofinya mkaka n'kuusiya kunyumba, chifukwa pamenepo nkhani ya madzi siimukhudza mwanayo.

Koma ndisabise maganizo anga pa mbali ina. Ndinagwira ntchito pa mliri wa kolera umene unayamba mu October 2017, ndiponso pa uja unayamba mu October 2023, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa malo ochizira odwala ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. Chimene chinapulumutsa mabanja ambiri m'makomboni sichinali makina odula. Chinali kabotolo ka klorini kotchedwa Clorin, kuthira monga mwa malangizo, kudikira mphindi 30, kusunga madzi m'chigubu chotseka ndi kusamba m'manja. Ndimadandaula ndikamva anthu akuganiza kuti wopanda ndalama ya makina alibe chodzitetezera. Pa tizilombo, klorini ndi moto ndi zokwanira.

Achimwene a Mphatso (Ibex Hill):
Pepani Anamwino, apa ndikutsutsaniko pang'ono. Ngati timipata ta membrane ndi tating'ono kuposa mabakiteriya ndi mavairasi, monga anenera Aphunzitsi, ndiye kuti makinawa amachotsa zonse pamodzi, tizilombo ndi michere yomwe. Bwanji osangogula kamodzi n'kuiwala? Ine ndinagula anga zaka zinayi zapitazo, sindinawagwirepo, ndipo madzi akadali kukoma. Komanso mu February 2025, damu la zotsalira za mgodi litaphulika ku Chambishi ndipo zoipa zitalowa mu mtsinje wa Kafue mpaka Kitwe kutsekeredwa madzi, ine ndinagona tulo, podziwa kuti gawo lina la madzi a Lusaka limachokera ku Kafue komweko.

Abambo Zulu (pulambala, Kaunda Square):
Achimwene, mawu akuti "sindinawagwirepo" andidzidzimutsa kuposa zonse zimene zanenedwa pano. Ndikuuzeni zimene ndinaona chaka chatha pa nyumba ina imene makina anali atakhala zaka zitatu osatsegulidwa. Nditamasula chibotolo choyamba, sefa imene imakhala yoyera ngati thonje inali yofiira ngati njerwa, yoterera, ndipo inkanunkha ngati nsalu yokolopera yoiwalika m'ndowa. Nditayeza madzi olowa ndinapeza 510, otuluka 430. Banja lonselo linkamwa madzi osasefeka kwenikweni, odutsa m'zinyalala za zaka zitatu, likukhulupirira kuti ndi madzi abwino kuposa a anansi awo.

Makinawa amayenda motsatana. Koyamba kuli sefa ya micron zisanu yogwira mchenga ndi dothi, kenako sefa ya makala imodzi kapena ziwiri, kenako membrane, kenako kathanki kosungira, ndipo pomaliza sefa ina ya makala yokonza kukoma. Masefa oyambawo amasinthidwa pa miyezi 6 mpaka 12 iliyonse, ndipo membrane imakhala zaka ziwiri kapena zitatu ikasamalidwa. Inu amene mumalandira madzi a Lusaka Water muyenera kusamala kwambiri sefa ya makala, chifukwa madziwo amakhala ndi klorini, ndipo klorini amadya membrane zamakono. Makala akatopa, klorini amadutsa n'kuboola kansaluko, ndipo kukoma kwa madzi sikungakuchenjezeni, popeza sefa yomaliza imabisa zonse. Apa ndi pamene TDS meter ija ili ndi ntchito yake yoona. Yezani madzi olowa ndi otuluka mwezi uliwonse. Ngati akulowa 480 n'kutuluka 30, makina ali bwino. Mukaona otuluka akukwera kufika cha m'ma 100, membrane yatha. Chonde, Achimwene, yezani anu sabata ino.

Pa za tizilombo, n'zoona kuti membrane yabwino imatigwira. Koma makina a kunyumba ali ndi timphira tolumikizira timene timatha kudontha, ndiponso kathanki kamene madzi opanda klorini amagonamo masiku. N'chifukwa chake timabuku ta makinawa timachenjeza kuti musawagwiritse ntchito pa madzi okhala ndi tizilombo popanda kuwaphera kaye tizilomboto. Pa borehole yokayikitsa ndimaika nyale ya UV, imene kuwala kwake kumapha tizilombo, kapena ndimalangiza kuthira klorini m'thanki yaikulu.

Achimwene a Mphatso (Ibex Hill):
Ndamva, Abambo Zulu. Manyazi andigwira, koma ndi bwino kuti ndamva lero.

aNabanda (Matero):
Ndili ndi funso lina. Apongozi anga amakana kumwa madzi a makinawa, amati ndi madzi akufa, opanda chakudya, ndipo amafooketsa mafupa. Kodi akunama?

Anamwino Sakala (Kanyama):
Apongozi anu sakunama kwathunthu, aNabanda, koma akulitsa nkhani. Makinawa amachotsadi calcium ndi magnesium, ndipo n'chifukwa chake madziwo amamveka ozizira pakamwa, opanda kukoma kumene tinazolowera. Koma gawo lalikulu la michere imeneyi thupi limalipeza m'zakudya. Munthu wodya kapenta ndi minga yake, chibwabwa chotendera, bondwe, nyemba ndi mkaka sangafooke mafupa chifukwa cha madzi. Ngati kukomako kukuvuta, pali kasefa komaliza kokhala ndi timiyala ta calcite kamene kamabwezeramo michere pang'ono. Makinawa amachotsanso fluoride, zomwe ndi zabwino kumene wachuluka kupitirira mamiligalamu 1.5 pa lita n'kumadetsa mano a ana, koma kumene ali wochepa ndi bwino ana azitsuka mano ndi mankhwala okhala ndi fluoride.

Abambo Daka (woyendetsa thiraki):
Ndalowa mochedwa chifukwa ndinali pa mzere ku Nakonde. Amayi a Chisomo anafunsanso za paulendo ndipo palibe amene wayankha, ndiye ndiyankhe ine amene ndimakhala mumsewu kuposa m'nyumba. Ndimayenda ku Dar es Salaam, ku Beira, nthawi zina ku Walvis Bay kudzera ku Katima Mulilo, ndipo ndamwa madzi a mitundu yonse. Mnzanga wina anagula makina a reverse osmosis oika pa tebulo, ofuna magetsi, akuti aziwagwiritsa ntchito m'thiraki. Anayenda nawo maulendo awiri basi. Ndi olemera, amafuna inverter, amataya madzi amene wagula ndi ndalama, ndipo ukawathira madzi a matope a pa boda masefa amatsekeka msanga. Komanso membrane ikanyowa kamodzi siyenera kuuma kapena kukhala masabata osagwira ntchito, chifukwa imawonongeka kapena kumera tizilombo. Munthu wopita ku Katete kawiri pachaka adzapeza makina ake atanunkha.

Alipo ena opopa ndi dzanja, koma amenewo anapangidwira anthu a m'zombo pa nyanja yamchere. Madzi a m'nyanja ali ndi magalamu 35 a mchere pa lita, ndipo kuti adutse pa membrane pamafunika presha yoposa bar 50, ndiye ang'onoang'ono aja umapopa ola lathunthu kuti upeze pafupifupi lita imodzi. Pa Luangwa Bridge palibe nyanja yamchere. Chimene chimatsegula m'mimba paulendo ndi tizilombo, osati michere. Ine ndimanyamula kasefa ka timachubu ting'onoting'ono ka 0.1 micron, konga ka Sawyer, kamene kamagwira mabakiteriya ndi tizilombo tokulirapo, ndipo popeza sikagwira mavairasi ndimathiranso klorini m'chigubu changa cha malita 20. Ndikakhala pamalo pamene pali mbaula ndimangowiritsa, madzi abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu. Kwa zaka zambiri tsopano sindinagonepo m'chipatala cha m'njira.

Aphunzitsi Mbewe (Chelstone):
Abambo Daka anena zoona, ndipo kuphatikiza sefa ndi klorini n'kwanzeru, chifukwa pali kachilombo kotchedwa Cryptosporidium kamene klorini sakapha msanga koma sefa imakagwira, pamene mavairasi amadutsa pa sefa koma klorini amawapha. Chokhacho ndingawonjezere ndi cha khanda. Ngati mukupita nalo kumudzi ndipo simukudziwa za chitsime cha kumeneko, makamaka chikakhala pafupi ndi khola, chimbudzi kapena munda wothiridwa feteleza, nyamulani madzi ake kuchokera kunyumba m'chigubu choyera. Khanda silimwa malita ambiri, ndipo chigubu chimodzi chimakwana ulendo wa masiku angapo.

Amayi a Chisomo, malangizo anga ndi akuti musagule kanthu musanapite ku labotale. Zambia Bureau of Standards imayeza madzi, ndipo ku University of Zambia kulinso labotale yochita zimenezi. Mukapemphe kuti akuyezereni E. coli ndi ma coliform (mabakiteriya osonyeza kuti madzi alowa zonyansa), nitrate, fluoride, kuuma kwa madzi (kuchuluka kwa calcium ndi magnesium), chitsulo ndi mtovu. Pa za tizilombo mutenge botolo lawo lopanda tizilombo, osati la zakumwa lotsukidwa kunyumba. Mutsegule pompi mphindi zingapo musanatunge, musakhudze kukamwa kwa botolo, muliike m'chikwama chozizira ndipo mukalipereke tsiku lomwelo. Ndi bwino kutunga kawiri, pa borehole penipeni ndi pa pompi ya kukhitchini, kuti mudziwe ngati vuto lili pansi pa nthaka kapena m'thanki yanu. Mtengo woyezetsa ndi wochepa poyerekeza ndi wa makina pamodzi ndi masefa a chaka chilichonse.

Amayi a Chisomo (Chalala):
Ndabweranso patatha masabata atatu, ndipo ndikuthokoza nonse. Ndinachita monga ananenera Aphunzitsi. Madzi a pa borehole alibe E. coli, fluoride ndi mtovu zili pansi pa malire, kuuma n'kokwera monga tinkayembekezera, koma nitrate ndi 71. Madzi a pa pompi anapezeka ndi ma coliform, ndipo bambo akunyumba atakwera pa nsanja anapeza kuti chivindikiro cha thanki chinang'ambika kalekale, pansi pali matope ndi masamba. Ndinakhala pansi ndi pepalalo m'manja kwa kanthawi, poganiza kuti mnyamata uja anandiopseza ndi chinthu chabodza pamene choopsa chenicheni chinali chosaoneka n'komwe m'tambula. Thanki tatsuka, taithira klorini ndipo tagula chivindikiro chatsopano. Makina ndaganiza zogula, koma a pansi pa sinki okha, a madzi akumwa, ophikira ndi a mwana, osati a nyumba yonse monga ankafunira iye. A paulendo ndasiya. Abambo Zulu, ndiyang'ane chiyani posankha?

Abambo Zulu (pulambala, Kaunda Square):
Mwachita bwino, Amayi. Sankhani okhala ndi pampu yowonjezera presha, chifukwa mamita anu asanu ndi limodzi akupereka bar yosakwana imodzi, ndipo nitrate ndi mmodzi wa michere imene imazemba membrane presha ikachepa. Ngakhale pa presha yabwino makinawa amachotsa gawo lalikulu la nitrate, osati yense, choncho mukawaika mutengenso madzi otuluka mupite nawo ku labotale musanayambe kusungunulira mwana mkaka. Membrane yolembedwa 75 GPD (magaloni 75 patsiku) imatha kutulutsa malita oposa 280 patsiku zonse zikakhala bwino, ndipo ngakhale itapereka theka lokha ndi yokwanira banja lanu. Onani kuti masefa ake ndi a muyezo wamba wa mainchesi 10, opezeka m'masitolo ambiri a zomangira, osati amene amagulitsidwa ndi kampani imodzi yokha, chifukwa ikatseka mudzatsala ndi bokosi lopanda ntchito. Mukapeza olembedwa NSF/ANSI 58, chizindikiro chosonyeza kuti makinawo anayesedwa, funsani pepala lake muone ngati nitrate watchulidwapo, popeza si makina onse a chizindikirocho amene anayesedwa pa nitrate. Madzi anu ndi ouma, ndiye yembekezani kuti membrane izitha msanga kuposa mmene kabuku kanenera. Ndipo mapaipi a madzi osefedwa akhale a pulasitiki, osati a mkuwa, chifukwa madzi opanda michere amadya mkuwa pang'onopang'ono.

Aphunzitsi Mbewe (Chelstone):
Ndiwonjezere chimodzi. Mwayeza m'chilimwe, pamene madzi a pansi ali otsika. Mudzayezenso cha mu February mvula itakhazikika, chifukwa ndi nthawi imene zochokera m'maenje zimatsika kwambiri, ndipo borehole yopanda E. coli lero ikhoza kukhala naye nthawi imeneyo. Ndingakondenso mutaonetsa anansi anu pepalalo, makamaka okhala ndi makanda, popeza mukumwa m'mwala umodzi.

Amayi a Chisomo (Chalala):
Ndawaonetsa kale a kumbuyo kwathu, ndipo akuti apita okha ku labotale Lolemba, pakuti nawonso ali ndi mwana wa miyezi isanu. Abambo Zulu, pansi pa sinki yathu ndi pothina chifukwa pali silinda ya gasi. Kodi kathanki kaja kangakhale m'kabati ya pambali?

Abambo Zulu (pulambala, Kaunda Square):
Kangakhale, bola kapaipi kasatalike kupitirira mamita awiri kapena atatu. Koma silinda ya gasi ichoke pamenepo, siyenera kukhala pafupi ndi soketi ya pampu. Muyeze m'lifupi ndi msinkhu wa kabatiyo ndi tepi, ndipo muone ngati khoma la kukhitchini lili ndi poboola kuti kapaipi ka madzi otsala katulukire ku dramu.